Kusapereka ya fizi si chifukwa chomubisira mwana

Fodya akayamba kugulidwa ku Chinkhoma, nkhani za ana zimachuluka pa tebulo langa kuno ku Kasungu. Bambo amene anazimiririka mu Januwale nthawi ya njala watulukira ndi kajumbo ka nsapato za mwana, akufuna amutenge akagone kwawo Loweruka, mayi akuti ayi, munali kuti mwanayu akudwala malungo ine ndikugwira ganyu kuti ndipeze ya njinga yopita naye kuchipatala. Ndagwira ntchito ya zamalamulo a m'banja kwa zaka ndithu ndipo mawu amene ndawamva kwambiri ndi awa, "sakuthandiza ndiye asamuone." Mkwiyo umenewo ndimaumvetsa, si wopanda chifukwa. Koma lamulo silimanga zinthu ziwirizi pamodzi.

Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, komanso ali ndi ufulu wolandira chisamaliro kuchokera kwa makolowo, kaya ali pa banja, kaya ukwati unatha, kaya sanakwatiranepo olo tsiku limodzi. Taonani kuti maufulu onse awiriwo ndi a mwana, si a bambo kapena a mayi. Ndiye bambo akamumana chakudya amulanda ufulu umodzi, mayi akabwezera pomubisa amulanda wachiwiri, wapsa kawiri ndi mwana yemweyo. Azibambo nanunso, zija mumati "bola akundikaniza kumuona ndiye ndalama sindituma," khothi silimva zimenezo, mwana amadya tsiku lililonse kaya mwamuona kaya ayi.

Njira yake ilipo. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limalola kholo kupita kukhothi la ana kukapempha kuti lizikhala ndi mwana, kapena lizimuona nthawi ndi nthawi, kapena kuti mnzakeyo azipereka ndalama ya chisamaliro. Majisitireti amayang'ana chomwe chili chokomera mwanayo. Ngati ndi wamng'ono amaganizira kufunika koti akhale ndi mayi ake, amamva maganizo a mwana ngati wafika poti atha kulankhula zakukhosi, ndipo sakonda kulekanitsa ana a mimba imodzi kapena kumusuntha mwana pamalo pomwe wazolowera popanda chifukwa. Ndipo mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, izi zinakhazikika mu 2017 atasintha malamulo aakulu aja.

Pamene pamavuta kwathu kuno ndi pa mwambo. Kuchikamwini ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi atsibweni awo, ndiye ukwati ukatha mkamwini amanyamula kachikwama kake basi, ena amaona ngati udindo wathera pomwepo. Kwina kumene kunaperekedwa malowolo akuchimuna amati ana ndi athu, mayi azipita yekha. Ine mwambo ndimaulemekeza ndipo ankhoswe ndawaona akukonza zinthu zoti khothi likanatenga miyezi, koma mwambo sungachotse bambo kapena mayi pa moyo wa mwana wake, pamenepo lamulo limapambana.

Ine ndimakonda tiyambe ndi kukambirana pamaso pa mkhalapakati, kaya ankhoswe a mbali zonse, kaya a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Mkhalapakati saweruza ayi, sanena kuti wolakwa ndi uyu, ntchito yake ndi kuthandiza awiriwo apange okha pangano. Ndipo vuto la mapangano ambiri a pansi pa mtengo ndi loti amathera pa mawu okoma, "bambo azibwera kudzaona mwana, azithandiza akapeza." Akapeza liti? Azibwera tsiku lanji?

Ndikukumbuka awiri ena amene anakhala pa benchi limodzi koma atafulatirana, mayi atagwira kabuku ka kuchipatala ka mwana, bambo akupinda ndi kupindula lisiti la yunifolomu. Ola lathunthu linapita pa za mkazi watsopano wa bamboyo. Kenako ndinafunsa kuti mayi, mwanayu amaweruka nthawi yanji Lachisanu, anayankha, ndinafunsa bambo kuti njinga muli nayo, anati eya, ndiye tinayamba kulemba. Loweruka lachiwiri komanso Loweruka lomaliza pa mwezi, kumutenga 8 koloko m'mawa kwa agogo ake akuchikazi osati pakhomo pa mayiyo chifukwa pamenepo ndi pamene pamayambira mkangano, kumubweza Lamulungu dzuwa lisanalowe. Holide yaitali agawane pakati. Ndalama itumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga ukhale umboni, ndipo poti bamboyo ndi mlimi tinagwirizana kuti fizi ndi zovala za chaka chonse azipereka akangogulitsa fodya, miyezi inayo azipereka chimanga ndi kangachepe ka sopo. Onse anasaina, ankhoswe anasainanso. Pangano lotere mutha kupita nalo kukhothi kuti likhale chigamulo, wina akaliphwanya pamakhala pogwira.

Koma pali nkhani zina zoti sindingakuuzeni kuti kakambiraneni. Ngati panali kumenyedwa, kuopsezedwa ndi chikwanje, kapena mwana akuoneka kuti wachitidwa zoipa, musalole wina akukhazikeni pa mphasa imodzi ndi munthu amene mukumuopa eti kuti mugwirizane. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khothi mphamvu yoletsa munthuyo kukuyandikirani. Zikatero khothi litha kunena kuti aziona mwana pali munthu wina wamkulu, kapena ayambe waima kaye.

Za loya musade nazo nkhawa kwambiri, kukhothi la majisitireti anthu ambiri amadziyankhulira okha m'Chichewa, ndipo osowa ndalama atha kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Popita tengani kabuku ka kuchipatala ka mwana, malisiti a kusukulu, ndi mauthenga a pa WhatsApp aja, musawafufute ngakhale akukupwetekani mtima mukawawerenga.