Ndiwo zathu pa buledi wa ku Joni

Kwathu buledi ndi mnzake wa tiyi. Ambirife tinakula tikumuona pa Khirisimasi, pobwera mlendo, kapena atate akalandira malipiro, ndipo chopakapo chimene tinkachidziwa chinali majarini basi. Tsono munthu ukafika kuno ku Joni umapeza kuti buledi yemwe uja ndiye kadzutsa, ndiye nkhomaliro, tsiku loti watopa ndiyenso mgonero. Amene amadzuka 4 koloko kuti akapeze takisi pa Bree kapena pa Noord, n'kukaswera pa ntchito ya m'nyumba kapena ya pa maluwa ku Randburg, alibe potereka poto wa nsima masana.

Ine ntchito yanga ndi yophika, ndipo m'mawa wanga wonse umathera pa masangweji a anthu a m'maofesi. Abale athu akandifunsa kuti, "Achimwene, kodi pa buledi n'kuikapo chiyani china kupatula poloni?" ndimawauza kuti ndiwo zomwe amaphika kale zija. Chopaka pa buledi ndi ndiwo yophwetsa msuzi. Nsima imafuna posunsa, buledi amadana ndi madzi. Kusiyana kwake n'komweko.

Buledi mwiniwakeyo timudziwe kaye. Lofu imene timagula pa spaza (kagolosale ka m'makomboni) kapena ku Shoprite, kaya ndi Albany, Sasko kapena Blue Ribbon, nthawi zambiri imalemera magalamu 700. Wabulauni amatsikirako mtengo chifukwa boma la South Africa silimuikira msonkho wa VAT, pamene woyera amalipira 15 peresenti. Kuyambira mu 2003 lamulo la kuno limakakamiza kuti mu ufa wa buledi ndi wa chimanga azithiramo vitamini A, mavitamini a gulu la B, ayironi ndi zinki, choncho si chakudya chongodzaza mimba. Koma muli mchere wosaoneka. Kuchokera mu 2019 malire ake ndi mamiligalamu 380 a sodiyamu pa magalamu 100 alionse a buledi, omwe ndi mchere wotsala pang'ono kukwana galamu imodzi. Zidutswa zinayi zikhoza kukupatsani galamu ndi theka, pamene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Musanapake chilichonse mwadyako kale mchere wambiri ndithu. Amene muli ndi BP, apa mumve.

Buledi musamuike m'firiji. Kuzizira kwa mmenemo kumachititsa sitachi wa mu ufa kugwirana n'kulimba, ndiye amagwa mphwayi msanga kuposa wa pa shelefu. Ngati simumaliza lofu m'masiku atatu, theka muliumitse mufiriza, muzitulutsa zidutswa zimene mukufuna. M'miyezi ya June ndi July mpweya wa kuno umauma kwambiri, moti chidutswa chongosiyidwa poyera mphindi zochepa chimakhala ngati katoni. Mangani pepala lake nthawi zonse. Wogona masiku awiri muwambeni pa chiwaya chouma, amafewanso m'kati. Wochita nkhungu tayani yense, osati kungodula pobiriwirapo, chifukwa mizu yake imalowa m'kati mosaoneka.

Eni dera ali ndi luso lawo pa buledi. Ku Durban kuli bunny chow, ku Cape Town gatsby, kuno kota, imene ku Pretoria amati sphatlo: gawo limodzi mwa anayi a lofu, lokumbidwa m'kati, n'kudzazamo tchipisi, poloni, soseji ya russian, dzira, tchizi ndi atchar (mango osungidwa m'mafuta ndi tsabola). Sindiinyoza. Kota yotentha ya ku Soweto Loweruka masana ndimaidya mpaka kunyambita zala. Ndipo ili ndi phunziro: chotsani atchar muone mmene mafuta aja amakolera. Kuwawasa kwa mango ndi kumene kumadzutsa zonsezo. Lamulo lomweli ligwira ntchito pa zonse ndikuuzeni pano, kungoti ife tigwiritsa ndimu.

Chimene ndimakana ndi poloni wa tsiku ndi tsiku. Mchere wake ndi wochuluka, komanso amene munali kuno mu 2017 ndi 2018 mukukumbukira mliri wa listeriosis, umene unadwalitsa anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200. Pa 4 March 2018 nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti gwero lake linali poloni wa ku fakitale ina ku Polokwane. Kachilombo ka Listeria n'kovuta chifukwa kamaswana ngakhale m'firiji. Amayi oyembekezera, okalamba, ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, ngati mwalakalaka poloni kapena soseji ya viyena, mukazingeni atenthe mpaka m'kati.

Tsopano za madzi zija. Sangweji imene mwakonza 5 koloko mukaidya 1 koloko, maola asanu ndi atatu, ndipo nthawi yonseyi buledi akuyamwa chinyezi cha zimene mwaikamo. N'chifukwa chake mumatsegula kabokosi n'kupeza phala. Mafuta ndi madzi sasakanikirana, ndiye majarini amene mumapaka si wongokometsa ayi, ndi mpanda. Pakani pang'ono koma zidutswa zonse ziwiri, mpaka m'mphepete. Tomato ndiye mdani wamkulu. Mufinyeni nthanga ndi madzi ake, muwazeni kamchere, akhale pa mbale mphindi zisanu, mumupukute, ndipo akhale pakati pa zinazo osakhudza buledi. Kapena ingomutengani wathunthu mukadule pa nthawi yakudya. Chilichonse chophika chizizire kaye musanatseke, chifukwa nthunzi ikatsekeredwa imasanduka madzi.

Chopaka chimene ndimachinyadira kuposa zonse ndi chipere. Inde, chipere chomwe chija cha agogo. Viikani usiku wonse kapu imodzi ya nyemba zamawangamawanga zimene kuno amati sugar beans. M'mawa zitikiteni m'manja m'madzi momwemo, makoko aziyandama muziwatsanula. Ziwiritseni zibwadamuke bwinobwino, kenako zipse pa moto wochepa mpaka ziphwanyike zokha, n'kuzitakasa ndi mthiko. Chipere cha nsima mukanachiphula apa. Cha buledi pitirizani kutakasa, chiphwe mpaka mukadutsitsa mthiko pansi pa poto pazioneka kanjira kosatsekeka msanga. Pambali kazingani anyezi mmodzi wodula timizere m'masupuni atatu a mafuta, osathamanga, afiire ngati uchi, muthiremo adyo ndi kasupuni ka ufa wa curry wa Rajah. Sakanizani, phulani, ndipo ndimu mufinyire chitaphulidwa, theka lake n'lokwana. Musadandaule chikaoneka chofewa, chimalimba chikamazizira monga limachitira phala.

Mafuta aja musawaumire. Popanda iwo chipere chimauma n'kumang'ambika, pakamwa n'kumakhala ngati mwadya ufa. Ubwino wake wina ndi wa m'thupi: zomanga thupi za mu tirigu zimaperewera kachigawo kena kotchedwa lysine, kamene nyemba zili nako kambiri, ndiye ziwirizi zikakumana zimakwaniritsana, monga imachitira nsima ya nyemba. Vitamini C wa mu ndimu amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba, pamene tiyi wakuda amatchinga. Ndikudziwa kuti Mmalawi kumuuza kuti adye buledi popanda tiyi ndi kumuputa, koma amene anauzidwa ku chipatala kuti magazi ndi ochepa, tiyiyo muzimwa pakapita ola. M'firiji chipere chimakhala masiku atatu. Tsiku loyamba chidyeni ndi kabichi wosaphika wodula mopyapyala kuti pakhale chokukuta, lachiwiri ndi dzira lowiritsa, lachitatu ndi chakalaka (ndiwo za kuno za masamba ndi tsabola) wotsanula madzi.

Usipa umene abale amatibweretsera pa basi, kapena matemba ndi kapenta wa pa msika wa Yeoville, nawonso amalola. Dulani mitu chifukwa ndi imene imawawa, tsukani mchenga, kazingani pa chiwaya chouma mpaka uzithyoka, n'kusinja. Mtondo kulibe? Botolo ndi thabwa zimagwira. Ufa wa nsombawo muuphike ndi anyezi ndi tomato mmodzi mpaka madzi atheretu, ukazizira musakanize ndi supuni ya majarini ndi madontho a ndimu. Mchere musathire musanalawe. Chimenechi n'champhamvu, chopaka mopyapyala, ndipo popeza mwasinjira kumodzi ndi minga, mukudya kashiamu yense. Chenjezo langa ndi la fungo lokha: mangani kawiri, apo ayi takisi yonse idziwa kuti mwakwera Mmalawi. Usipa ukasowa, nsomba za m'chitini za Lucky Star zilowe m'malo. Tsanulani msuzi wake musungire mpunga wa madzulo, nsombazo munyenye ndi foloko, minga yomwe, muthire anyezi wosaphika ndi tsabola.

Chiponde tinachizolowera ndi shuga kapena jamu, chonsecho ndife anthu otendera masamba ndi nsinjiro. Bwanji pa buledi tisachiyese ngati ndiwo? Masupuni atatu a chiponde, ndimu, Nali pang'ono kapena kambuzi mmodzi wosinja, ndi madzi ofunda. Mukangothira madzi oyamba chimagwirana n'kulimba ngati chawonongeka, ndipo ambiri amatayira pomwepa. Pitirizani kutakasa, muzionjezera madzi kasupuni kamodzikamodzi, chimasalala chokha. Ndi nkhaka zodula mopyapyala chimakoma modabwitsa. Amene mumasinja nokha mtedza wochokera kumudzi, sankhani bwino. Wofota, wakuda ndi wachuku tayani, chifukwa poizoni wa chuku, aflatoxin, amawononga chiwindi ndipo satha ndi kukazinga. Si vuto la kumudzi kokha: kumayambiriro kwa 2024 mitundu ingapo ya chiponde inachotsedwa m'masitolo a kuno pa chifukwa chomwechi.

Peyala lilibe zambiri. Kwathu ena timalidya ndi shuga. Liyeseni ndi mchere, ndimu ndi anyezi. Limada likakhudzana ndi mpweya, ndipo ndimu amachedwetsa kudako. Zoti mukasiyamo nthanga silida n'zabodza, nthanga imangoteteza pamene yakhalapo pokha.

Mwina mwamvapo fungo la Marmite kwa mabwana anu n'kudabwa kuti anthu amadya bwanji phula wotere. Amapangidwa ndi yisiti yotsala pofulula mowa, n'chifukwa chake boma litaletsa kugulitsa mowa nthawi ya Covid-19 mu 2020, anasowa m'masitolo. Pachokha ine sindimukonda, koma kansonga ka mpeni mu chipere kamabweretsa kukoma ngati mwathiramo msuzi wa nyama. Mukatero mchere wina usalowenso.

Si zonse zimene ndinayesa zinatheka. Nkhwani wotendera wa dzulo, wophwetsa bwino, pa buledi wowamba, amakoma zedi. Chigwada chimodzimodzi. Therere ndinayesa kamodzi, ndipo sindidzabwerezanso: linatuluka mbali zonse n'kutsikira m'chigongono.

Chatsala ndi kutentha. Tizilombo ta m'chakudya timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo malangizo a WHO ndi akuti chakudya chophika chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri. Kabokosi kamene kali m'chikwama pa malo omanga nyumba mu December kali pakati penipeni pa ngoziyo. Njira yotchipa ndi kuumitsa botolo la madzi mufiriza usiku, m'mawa n'kuligoneka pambali pa sangweji. Pofika masana chakudya chikadali chozizira ndipo madzi akumwa mwapeza. Magetsi akazima, firiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Akapitirira apo, za nsomba, mazira ndi mayonezi musaziikire kumbuyo.

Funso limene limabwera kwambiri kumapeto kwa chaka ndi la kamba wa pa ulendo. Basi yonyamuka pa Park Station kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kukafika pa Mwanza imatha tsiku lathunthu ndi kuposerapo, ndipo pa chipata pakakhala mzere palibe amene amadziwa nthawi yofika. Sangweji za dzira, nsomba kapena chipere mudye m'maola oyambirira, musanafike n'komwe ku Polokwane. Za kutsogoloko musapakiretu. Tengani lofu yosatsegula, botolo la chiponde chosathira madzi, mapeyala awiri osapsetsa, ndimu, kamchere m'kapepala ndi supuni. Zitini zazing'ono za nsomba zotsegula ndi chala nazonso zimapirira kutentha kwa ku Tete, bola mukatsegula mumalize nthawi yomweyo.