Imelo yakana pa dzina la munthu mmodzi? Musafomate kompyuta

Pali mawu amene ndatopa nawo pa benchi yanga yokonzerapo makompyuta pano pa Kasungu boma: "Yalowa vairasi, mungoifomata." Ndikafunsitsa, zimapezeka kuti imelo ya bambo ikulowa bwinobwino, koma mayi akatsegula pa dzina lawo, pulogalamu ya imelo ya Outlook ikungopempha pasiwedi osaleka. Abale anga, kompyuta ndi yomweyo, bandulo ndi yomweyo. Ngati wina akulandira makalata, ndiye kuti makinawo ali bwino, intaneti ilipo, pulogalamunso sinafe. Chavuta chili mu akaunti ya munthu mmodziyo.

Windows imapatsa aliyense foda yakeyake mu C:\Users, ndipo m'menemo Outlook kapena Thunderbird imasunga masetingi ndi makalata a munthuyo. Zili ngati nyumba za lendi: loko wa khomo limodzi akakana, sitigumula mdadada wonse.

Musanagwire china chilichonse, tsegulani Chrome pa dzina lomwe likuvutalo, mulowe mu Gmail. Ikakana komweko, vuto ndi pasiwedi. Ikatseguka, onani ngati malo sanadzaze, chifukwa 15GB yaulere imene Google imakupatsani imagawidwa pakati pa makalata, zithunzi ndi Google Drive, ndipo ikatha makalata salowa. Ngati zonsezi zili bwino, kawirikawiri munthu anasintha pasiwedi pafoni koma kompyuta ikugwiritsabe yakale. Ifufuteni mu Credential Manager, malo amene Windows imasungiramo mapasiwedi, mulembe yatsopano. Dziwaninso kuti kuyambira mu May 2022, Google inaleka kulola mapulogalamu akale kulowa ndi pasiwedi wamba. Pamafunika kulowera pa tsamba la Google lenileni, kapena kupanga app password, pasiwedi yapadera ya zilembo 16 yolowetsera pulogalamuyo. Amene mukukakamirabe pulogalamu ya Mail ya mu Windows 10, Microsoft inaisiya pa 31 December 2024, ndiye musandivutitse nayo.

Zikakanikabe, pitani ku Control Panel, Mail, Show Profiles, mupange profile yatsopano ya Outlook, kutanthauza masetingi atsopano a imelo yanu. Yakaleyo isiyeni, musaifufute. Chimodzimodzi magetsi akathima mwadzidzidzi, mukayatsa n'kupeza desktop ili mbee ngati yogula kumene: nthawi zambiri Windows yakulowetsani mu akaunti yongoyembekezera, mafayilo anu akadali m'foda yawo. Zimitsani, muyatsenso.

Chimene chimandipangitsa kulankhula mokalipa ndi nkhani ya mayi wina, mlembi wa kalabu ya alimi a fodya cha ku Chinkhoma. Imelo yawo anaiika kalekale pa njira ya POP. Njira imeneyi imatsitsa makalata mu kompyuta, ndipo Outlook ikasiyidwa mmene inabwerera, imawafufuta ku seva (kumene makalata amasungidwa pa intaneti) pakatha masiku 14. Njira ina yotchedwa IMAP ndiyo imawasiya ku seva. Choncho makalata onse a kalabu, mapangano a ngongole ya feteleza ndi malisiti omwe, anali mu fayilo imodzi ya .pst, imene Outlook imasungiramo makalata, pa laputopu ya banja. Outlook itayamba kuvuta pa dzina lawo, mwana wawo anatengera laputopuyo kwa mnyamata wina woika nyimbo m'mafoni. Iyeyo sanafunse ngakhale kuti muli chiyani. Anafomata, naika Windows yatsopano, n'kuwonjezerapo mafilimu ngati basera. Mayiwo anadekha, poganiza kuti makalata abwerera okha. Pomadzafika kwa ine, pamene panali fayilo ija panali patalembedwa kale zina. Ndinapulumutsa zidutswa zosatseguka. Vuto loyambalo, mmene analifotokozera, linali la pasiwedi chabe, ntchito yosatenga ndi ola lomwe. Iwo ankangobwereza kuti, "Nanga ndikawauza chiyani a komiti?"

Sindikunyoza anyamata a pamsika, ena amadziwa ntchito. Koma wina akangoyang'ana sikirini n'kunena kuti "tifomate", mufunseni kuti fayilo ya .pst ili kuti ndipo aikopera pati. Akayamba kukanda mutu, nyamulani katundu wanu. Pasiwedi yanunso musamulembere papepala, ilembeni nokha iye atayang'ana kumbali, chifukwa wolowa mu imelo yanu angathe kusintha pasiwedi ya Facebook ndi zina zonse zomangiriridwa pamenepo.

Ngati yafomatidwa kale, izimitseni lero lomwe. Musaikemo nyimbo, musatsitse chilichonse, musalole ana kuonerapo katuni. Fayilo iliyonse yatsopano ingathe kukhala pamwamba pa makalata amene tikanawapeza.