Ayi, ndege zoyendera mapaipi siziyatsa moto

Anthu akaona helikoputa kapena droni ikuuluka motsika, kutsatira mzere wa mapaipi a gasi kapena mafuta, mphekesera sizichedwa kubuka. Ena amati kuwala kwa laser kumene imawalitsa pansi kungayatse gasi n'kuphulitsa paipi. Enanso amati ikupopera mankhwala. Zonsezi n'zabodza, ndipo zimandiwawa chifukwa ndegezo zimateteza anthu omwewo amene akuziopa.

Chimachitika n'chakuti chipangizo cha m'ndege chimatumiza kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso, kenako n'kuyeza kuwala kumene kwabwerera kuchokera pansi. Methane, amene ndi gawo lalikulu la gasi wa m'mapaipi, amameza kuwala kwa mtundu winawake. Kukabwerera kochepa, akatswiri amadziwa kuti pamenepo pakutuluka gasi, ndipo GPS, chipangizo chosonyeza malo, imasunga malowo kuti okonza apiteko. Kuwalako kumafika pansi kutamwazika, kulibe mphamvu yoyatsa kanthu. Methane amayaka yekha pa kutentha koposa madigiri Celsius 500, ndipo amagwira moto pokhapokha akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya mpweya.

Pa mafuta amadzi monga dizilo, makamera amafunafuna dothi losiyana kutentha ndi lozungulira, udzu wouma pamwamba pa paipi, kapena mafuta oyandama pamadzi. Palibe chimene amapopera.

Nanga bwanji osangoyenda pansi? Mapaipi amatalika makilomita mazanamazana, amadutsa m'madambo ndi m'mapiri, ndipo ambiri anakwiriridwa. Kabowo kakang'ono kangathe miyezi kakuipitsa madzi a pansi pa nthaka popanda wina kudziwa.