Mkangano wa soro m'wodi: unachokera kuti?

Amene anagonapo pansi pa bedi la chipatala kudikirira wodwala, kaya ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Moatize, mkangano uwu amaudziwa. Thumba la madzi lapachikidwa pa chitsulo. Kuno timati soro, abale athu a ku Dedza amati dripi. Madontho akugwa limodzilimodzi, ndipo namwino akangotuluka, dzanja la wodikirira limakwawira pa kagudumu kaja kali pa chubu kuti madzi athamange.

Azakhali anga anachitapo zimenezi amuna awo atagonekedwa ndi kutentha thupi. Namwino pobwerera anapeza thumba latsala pang'ono kuuma.

"Amayi, ndani wagwira apa?"

"Ndine, mwanangu. Munthu wafooka chonchi, madzi akulowa ngati misozi, adzuka liti?"

Namwino uja anakalipa, koma chifukwa chake sanachinene. Ine ndinadzachimva patapita zaka, ndipo nditachimva ndinaleka kuwaseka azakhali, chifukwa madokotala a dziko lonse lapansi ankaganiza ngati iwowo.

Kukhulupirira soro kuli ndi maziko ake. Mu 1832, kolera atavuta ku Scotland, dokotala Thomas Latta anayesa kulowetsa madzi a mchere mu mtsempha wa anthu amene anali pafupi kufa, ndipo ena ankatsegula maso n'kuyankhula. Ifenso tinaziona ndi maso kolera atagwa mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize kumayambiriro kwa 2015. Munthu wobwera atanyamulidwa, maso atalowa m'kati, amapatsidwa matumba angapo mothamanga, mawa lake n'kumapempha phala. Woona zimenezo simungamuuze kuti madzi amapha.

Koma kolera amakhetsa madzi a m'thupi, ndiye kuwabwezera n'kolondola. Nkhani imavuta pa matenda amene madokotala amati sepsis, pamene tizilombo tafalikira m'thupi, munthu watentha, BP yatsika, mutu wasokonekera. Mu 2001 dokotala Emanuel Rivers wa ku Detroit, ku America, anafalitsa kafukufuku wa odwala 263 otere. Amene anathandizidwa mwachangu m'maola 6 oyamba, ndi madzi ambiri, magazi ndi mankhwala okweza BP, anafa pafupifupi 30 pa 100 alionse, pamene mwa olandira chisamaliro cha masiku onse anafa 46. Mfundo imeneyi inalowa m'mabuku ophunzitsira, n'kufika kulikonse: wodwala sepsis, tsegulani soro.

Chikaiko chinayambira kuno ku Africa, ndipo chinayambira pa ana. Kafukufuku wotchedwa FEAST, wotsogoleredwa ndi Kathryn Maitland ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, anatenga ana oposa 3,000 otentha thupi kwambiri. Ofufuzawo ankayembekeza kutsimikiza kuti madzi othamanga amapulumutsa. Mu 2011 kafukufuku anaimitsidwa asanathe, chifukwa mwa ana opatsidwa madzi mothamanga ankafa 10 kapena 11 pa 100 m'masiku awiri, pamene mwa enawo ankafa 7.

Ena anati amenewo ndi ana, akuluakulu n'ngosiyana. Yankho linachokera kwa anansi athu a ku Zambia. Pa University Teaching Hospital ku Lusaka, mu 2012 ndi 2013, Ben Andrews ndi anzake anatenga akuluakulu 212 amene anafika ndi sepsis BP itatsika. Anawagawa pawiri mwa maere, kuti dokotala asasankhe yekha woti alandire chiyani. Gulu lina linathandizidwa mmene ankachitira masiku onse, ndipo linalandira madzi okwana malita 2 m'maola 6 oyamba. Gulu linalo linatsatira ndondomeko yatsopano, n'kulandira malita 3 ndi theka. Zotsatira zinatuluka mu 2017: mwa olandira madzi ambiri, 48 pa 100 anafera m'chipatala, mwa enawo, 33.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi zonse ndikamaganiza nkhaniyi. Amene anasamalidwa kwambiri, oyang'aniridwa pafupipafupi, ndi amene anafa ambiri.

Chinachitika n'chiyani? Sepsis imabowola timitsempha ting'onoting'ono, moti madzi olowetsedwa sakhalitsa m'magazi, amatayikira m'minofu ndi m'mapapo. Ku Detroit wodwala akayamba kubanika, makina opumira ali pomwepo, amamugwirizira mpaka madzi ataphwa. Ku Lusaka makina otere anali ochepa kwambiri, monganso m'zipatala zathu za m'maboma. Odwalanso anali osiyana. Pafupifupi 9 mwa 10 alionse a ku Lusaka anali ndi HIV, ambiri ali ndi TB, magazi ochepa, thupi lowonda atadwalira kunyumba milungu yambiri. Mtima ndi mapapo a munthu wotere sizingasenze malita anayi pa tsiku limodzi. Tayang'anani mabedi a m'wodi ya amuna kapena ya amayi kuno kwathu, muone ngati odwala athu akufanana ndi a ku Detroit kapena a ku Lusaka.

Ngakhale kumaiko olemerako mfundo ya Rivers inafooka. Mu 2014 ndi 2015 akafukufuku atatu akuluakulu, ku America, ku Australia ndi ku Britain, sanapeze kuti ndondomeko yake imaposa chisamaliro chabwino cha masiku onse. Mkangano wa kuchuluka kwa madzi oyenera sunathe mpaka lero. Chimene chinasintha n'chakuti soro anayamba kuonedwa ngati mankhwala, okhala ndi muyeso wake: kupereka pang'ono, kuyeza BP, kuwerenga kapumidwe, kumvetsera m'chifuwa, kenako n'kuona ngati pakufunika ena.

Chimene ndimadandaula n'chakuti zonsezi zinathera m'magazini a madokotala, a Chingerezi, mwina n'kufika m'Chipwitikizi kwa ophunzira unamwino. Kwa wodikirira, amene amatchezera usiku wonse pambali pa bedi, amene amayamba kuona wodwala akupuma mobanika, sizinafike. Namwino mmodzi wosamalira wodi yonse usiku sangakhale pa bedi lililonse kuwerenga madontho. Akanangowauza azakhali m'Chichewa kuti "Amayi, madziwa akathamanga amapita m'mapapo, ndipo mukaona bambo akupuma mofulumira mundiitane," akanapeza womuthandiza wa ulere.

Usiku umenewo namwino anapachika thumba lina, nawerenga madontho akuyang'ana wotchi yake, kenako anadula kachidutswa ka pulasitala n'kumata pa kagudumu kaja. Azakhali anayala chitenje pansi, nakhala tsonga mpaka tambala woyamba, maso ali pa thumba.