Chikope Chikamagunda Chokha: Nkhawa ndi Kudumpha kwa Minofu

Chikope chimangoyamba kugundagunda, kapena katumba amadumphadumpha ngati m'kati mwalowa kanthu kamoyo. Sizipweteka, koma zimasowetsa mtendere. Kawirikawiri gwero lake ndi kutopa, kusagona mokwanira, khofi wambiri ndi nkhawa, ndipo zimatha zokha.

Munthu akachita mantha, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu n'kukungika kukonzekera kuthawa kapena kulimbana. Tsoka lake, thupi silisiyanitsa galu wolusa ndi ngongole kapena mayeso. Nkhawa ikatenga masabata, minofu imakhala chikungikire, mitsempha yoilamulira n'kumatumiza uthenga popanda woituma. Kudumpha kuja ndi kumeneko. Kuuma khosi, kukukuta mano m'tulo, mutu ndi kupotokola m'mimba nazonso zimachokera komweko.

Wankhawa amapumanso mofulumira osadziwa, motero amataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka. Zotsatira zake ndi chizungulire, dzanzi m'zala ndi pamilomo, mwinanso zala kukokana.

Chovuta kwambiri chimabwera apa. Munthu akaona mnofu ukudumpha amayamba kuulondera: amaugwiragwira, amadziyang'ana pagalasi, usiku n'kumafufuza pa intaneti mayina a matenda oopsa a mitsempha. Mantha akakula, kudumphako kumaonjezeka, iye n'kuti "mwaonatu, ndikudwaladi." Sakunamizira ayi, zimene akumvazo n'zenizeni, kungoti mantha omwewo ndi amene akuzikolezera. Madokotala amaona kaye mphamvu: ngati mukukwera masitepe, kumanga mabatani ndi kunyamula katundu monga kale, kudumpha pakokha nthawi zambiri si chizindikiro cha matenda aakulu.

Yesetsani kugona maola osachepera 7. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu muchepetse, makamaka masana, poti theka la caffeine, chinthu chothamangitsa tulo chomwe chili mu zakumwazi, limakhalabe m'magazi pakadutsa maola pafupifupi 5. Mtima ukayamba kuthamanga, kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, ndipo potulutsa muchedwe kuposa pokoka. Yendani ndawala tsiku lililonse. Ndipo mnofuwo ulekeni, osamauyesa kangapo patsiku.

Pitani kuchipatala ngati kudumphako kwapitirira masabata awiri, dzanja kapena mwendo ukufooka kapena kuonda, mukuvutika kumeza kapena kulankhula, kapena zayamba mutangoyamba mankhwala atsopano. Salbutamol wa mphumu amatha kunjenjemeretsa manja. Chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso chimateronso. Kupweteka pachifuwa ndi kubanika, izo musadikire nazo mawa.

Bungwe la World Health Organization linati mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, koma wolandira thandizo ndi mmodzi yekha mwa anayi alionse. Matendawa amachizika ndi uphungu, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Mukakafika kwa dokotala, musangoonetsa chikope. Muuzeninso zimene zikukusowetsani tulo.