Timing belt: musinthe liti, ndipo mupite nayo kwa yani?

Anthu amene angolandira galimoto yoitanitsa ku Japan amakonda kundifunsa kuti, "Kodi timing belt ndisinthe liti?" Ndisanayankhe ndimayamba ndaona mtundu wa injini, chifukwa ambiri mwa ofunsawo galimoto zawo zilibe n'komwe lamba ameneyu. Chodetsa nkhawa n'chakuti amene ali naye ndiwo safunsa, mpaka tsiku limene galimoto yawazimira pakati pa msewu.

Lamba ameneyu saoneka mukatsegula boneti. Amene mumamuona panja uja, woyendetsa alternator ndi AC, ndi fan belt. Timing belt amakhala kuseri kwa chivundikiro cha pulasitiki kutsogolo kwa injini, ndipo ali ndi mano mkati mwake. Ntchito yake ndi kulumikiza crankshaft, imene imazunguliridwa ndi mapisitoni pansi, ndi camshaft imene imatsegula ndi kutseka mavalavu kumutu kwa injini. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft izungulire kamodzi, osaphonya ngakhale dzino limodzi. Pisitoni ndi valavu zimagwira ntchito ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: wina akakweza musi, mnzake ndiye amatsitsa. Pa injini zambiri, malo amene valavu imatsikira ikatseguka ndi omwewonso amene pisitoni imafika ikakwera, kungoti zimasinthana nthawi. Lamba akaduka, camshaft imaima pomwepo mavalavu ena ali otseguka, pamene mapisitoni akadali pa liwiro. Zimawombana.

Amene anaonapo mutu wa injini ya dizilo utatsegulidwa pambuyo pa ngozi yotere saiwala. Mavalavu amene amayenera kukhala owongoka amapezeka atapindika khosi, pamwamba pa pisitoni pali zipsera zozungulira pamene valavu inamenya, ndipo nthawi zina camshaft yeniyeniyo imakhala itathyoka pakati. Ntchito imene ikanatha m'mawa umodzi imasanduka yotsitsa mutu, kupita nawo kokakonza, kugula mavalavu, gasket, mwinanso mapisitoni. Ena amangoona kuti bola kugula injini ina.

Si injini zonse zimene zimaonongeka chonchi. Za petulo zakale za Toyota monga 4A-FE, 5A-FE ndi 3S-FE, zimene zili mu Corolla, Carina ndi RAV4 zakale, zinapangidwa ndi mpata wokwanira, moti lamba akaduka galimoto imangozima, mavalavu n'kupulumuka. Koma za dizilo sizikhululuka, ndipo Subaru za injini ya EJ20 ya ma camshaft anayi nazonso n'chimodzimodzi. Ngakhale pa injini yokhululukayo, taganizani itakuzimirani mukutsika Chiweta kapena phiri la ku Chikwawa. Injini ikazima, chiwongolero chimalemera pa galimoto zambiri, ndipo mabuleki amalimba mukangoponda kawiri kapena katatu.

Choyamba ndiye dziwani injini yanu. Dzina lake limalembedwa pa kachitsulo kapena kasitika kamene kali mkati mwa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko. Galimoto zing'onozing'ono zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu masiku ano, zambiri n'za tcheni chachitsulo m'malo mwa lamba. Toyota za injini ya 1NZ, 2NZ, 1ZZ ndi 1KR, monga Sienta, Vitz, Probox, Passo ndi Corolla zoyambira cha m'ma 2000, zili ndi tcheni. Honda Fit, Mazda Demio ya injini ya ZJ, Nissan Tiida ndi Note nazonso n'za tcheni. Tcheni chilibe tsiku loikika losinthira, chimangofuna oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo chikatha chimadziulula ndi phokoso injini ikangoyaka m'mawa. Ngati muli ndi Sienta ya 1NZ ndipo wina akukutchajani timing belt, mufunseni akuonetseni. Lamba mumupeza pa Hilux, Fortuner, Prado ndi Hiace za 1KD ndi 2KD, pa maminibasi a 3L ndi 5L, pa Land Cruiser ya 1HZ, ndi pa Mitsubishi ya 4D56, imene ilinso ndi kalamba kachiwiri kakang'ono kamene anthu amaiwala. Hilux zatsopano za injini ya GD, zimene zinayamba mu 2015, zili ndi tcheni.

Tsopano za nthawi. Pali miyezo iwiri, makilomita ndi zaka, ndipo umene wayamba kukwana ndi umene mumatsatira. Pa injini zambiri za ku Japan, chizolowezi ndi makilomita 100,000. Pa 1KD ndi 2KD, Toyota inaika 150,000. Buku la galimoto yanu ndilo lili ndi mawu omaliza, choncho musangotengera za mnzanu amene ali ndi injini ina. Koma muyezo wa zaka ndi umene anthu amaunyozera kwambiri. Lamba ndi labala yolukidwa ndi ulusi wolimba mkati, ndipo labala imakalamba ngakhale galimoto ikungokhala pakhonde. Galimoto ya abambo opuma pa ntchito, imene imangopita ku tchalitchi ndi ku msika, ikhoza kukhala ndi makilomita 60,000 okha koma lamba wake ali ndi zaka 12. Ameneyo ndi woopsa kuposa wa minibasi amene wayenda 90,000 m'zaka ziwiri. Ku Japan amawerengera zaka 10. Ine poona kutentha ndi fumbi la kuno, ndimalangiza kuti lamba asapitirire zaka 6 kapena 7.

Vuto la galimoto zoitanitsa ndi loti mbiri yake simuidziwa. Amakaniko a ku Japan akasintha lamba amakonda kumata sitika pa chivundikiro cha timing belt kapena kunsi kwa boneti, yolembedwa tsiku ndi makilomita. Ifufuzeni. Zilembo zake simungaziwerenge koma manambala muwaona. Chaka nthawi zambiri amachilemba m'kawerengedwe kawo: mukaona H, wonjezerani 1988, moti H25 ndi 2013, mukaona R, wonjezerani 2018, moti R3 ndi 2021. Sitikayo ikhoza kukuuzaninso china. Ngati yalembedwa kuti lamba anasinthidwa pa 102,000 koma pa dashibodi pakuoneka 78,000, n'kutheka kuti wina anabweza makilomita m'mbuyo. Sitika ikasowa, kapena mwagula galimoto kwa munthu pompano amene akungoti "ndinasintha chaka chatha" popanda lisiti, sinthani. Ndalama imeneyi muziiwerengera pamodzi ndi ya msonkho ndi inshuwalansi musanagule galimotoyo.

Ambiri amadikira chizindikiro, koma lamba kawirikawiri sachenjeza. Kulira kumene mumamva kutsogolo kwa injini nthawi zambiri kumachokera ku fan belt kapena ku bearing, osati kwa lambayo. Makaniko akhoza kutsegula chivundikiro chapamwamba n'kusuzumira. Akaona ming'alu kumsana kwake, kunyezimira, m'mbali mukutuluka ulusi kapena panyowa oyilo, ndiye kuti watha. Koma asakunamizeni kuti poti akuoneka bwino ndiye kuti ali bwino. Malamba ambiri amene ndinawachotsapo pa injini zoonongeka sanaduke pakati ayi. Kumsana anali osalala, koma mano angapo anali atametedwa pamene lamba amakumana ndi giya ya crankshaft, zidutswa zake zili mbwee pansi pa chivundikiro.

Toyota zambiri za dizilo zili ndi nyale yolembedwa T-BELT pa dashibodi. Nyaleyi siona lamba, imangowerenga makilomita, ndipo ikayaka makaniko amaizimitsa pamanja akamaliza ntchito. Ndiye kuti ikhoza kuzimitsidwa popanda kusintha kanthu, zimene ogulitsa ena osakhulupirika amachita. Kusayaka kwake si umboni.

Chimene chimapha lamba msanga kuno kwathu ndi oyilo. Seal (kalabala kotseka oyilo kuti asatuluke) ya camshaft kapena ya crankshaft ikayamba kudontha, oyilo amafewetsa labala mpaka mano amayamba kusomphoka. Chachiwiri ndi chivundikiro. Ndimaona galimoto zambiri zikuyenda chivundikiro chitachotsedwa kapena chitasweka, eni ake n'kumati n'chokongoletsa chabe. Pa msewu wa fumbi, kamwala kamodzi kakalowa pakati pa lamba ndi giya, zathera pomwepo. M'dzinja matope nawonso amalowera momwemo n'kukapha ma bearing.

Pokasintha, musagule lamba yekha. Pali tensioner imene imamukoka kuti akhale wolimba, ndi ma idler, timawilo timene amayendapo. Zonsezi zayenda ulendo womwewo ndi lamba wakaleyo, ndipo imodzi ikagwira, imadula ngakhale lamba watsopano. Ndimamva chisoni munthu akabwera patangotha miyezi yochepa chisinthireni lamba, injini itaonongeka chifukwa cha bearing imene anaisiya pofuna kupulumutsa ndalama zochepa. Ma seal nawonso asinthidwe pamene malo ali otsegula. Za water pump zimatengera injini. Pa 3S-FE ndi pa Subaru, water pump imayendetsedwa ndi timing belt, choncho n'kwanzeru kuisinthira limodzi. Pa 1KD ndi 2KD imayendetsedwa ndi fan belt, ndiye ngati ili bwino palibe chokukakamizani.

Zipangizo zachinyengo zilipo, ndipo bokosi lake limatha kufanana ndi lenileni. Makampani odziwika opanga malamba ndi monga Gates, Mitsuboshi, Bando ndi Dayco, ndipo ma bearing abwino ndi monga a Koyo, NSK ndi NTN. Dzina palokha silikwanira, gulani kwa wogulitsa amene amapereka lisiti ndipo mudzamupeza pomwepo mawa. Pitani ndi nambala ya chassis, chifukwa malamba amasiyana kuchuluka kwa mano ngakhale pa galimoto zooneka zofanana. Lamba wogwiritsidwapo kale ntchito musagule, ngakhale atatchipa bwanji. Watsopanonso asapindidwe mwamphamvu, ulusi wa mkati umathyoka osaoneka.

Nanga mupite kuti? Kwa dila kumadula, koma mumapeza zida zoyenera, zipangizo zenizeni ndi chitsimikizo cholembedwa. Ngati galimoto ikadali pa waranti, pitani komweko. Kwa ambirife, galaja wamba ndi yokwanira, bola makanikoyo akhale kuti injini ya mtundu wanuwo anaigwirapo kambiri. Ku Biwi ndi ku Ndirande kuli amisiri amene 3L ndi 2KD amaidziwa kunja ndi mkati, koma amene amadziwa Hilux si kuti Subaru kapena galimoto ya ku Ulaya aidziwanso. Zina mwa za ku Ulayazi zimafuna zida zapadera zotsekera camshaft, ndipo popanda zidazo ntchito imakhala yongoyerekeza. Palinso injini zatsopano, monga Ford Ranger ya 2.0, zimene lamba wake amayenda m'kati mwa oyilo. Zimenezi zipite kwa ozidziwa okha, ndipo oyilo wake asakhale wina aliyense.

Musachite manyazi kufunsa. "Achimwene, ma mark muwaona bwanji? Torque wrench muli nayo?" Makaniko wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Amayamba waika injini pa zizindikiro zake (ma mark aja) asanachotse lamba wakale, amamanga bawuti ya crank pulley ndi mphamvu yoyezedwa ndi torque wrench osati yongoganizira, ndipo akamaliza amazungulitsa injini ndi dzanja kawiri n'kuonanso ngati zizindikiro zabwerera m'malo mwake asanalize. Lamba akaphonya dzino limodzi, galimoto imalira ndithu koma imafooka pa chitunda, imamwa mafuta, ndipo ya dizilo imatha kufuka utsi. Mukaona zotere mutangochoka ku galaja, bwererani tsiku lomwelo. Pemphaninso kuti akupatseni zonse zakale zimene achotsa, ndipo tsiku ndi makilomita zilembedwe pa chivundikiro ndi pa lisiti.

Ngati galimoto yazima mwadzidzidzi mukuyenda, ndipo mukatembenuza kiyi sitata ikuzungulira mopepuka ndi mofulumira kuposa masiku onse, siyani pomwepo. Musaumirire kuliza ndipo musalole anyamata aikankhe kuti ilire, chifukwa kuzungulira kulikonse kukhoza kupinda mavalavu ena amene anapulumuka. Ikokedwe kupita ku galaja, ndipo ngati ndi ya automatic, ikwezedwe pa galimoto ina osati kukokedwa ndi chingwe mtunda wautali.