Mkazi akadzijambula yekha si kudzionetsera

Anthu ambiri akaona mkazi wadzijambula yekha amati n'kudzionetsera basi, ati akufuna timuyamikire kukongola. Maganizo amenewa ndi akalekale, koma ndi olakwika.

Taonani chithunzi chimene Frida Kahlo wa ku Mexico anadzijambula ndi penti mu 1944. Thupi lang'ambika pakati, m'malo mwa msana muli chipilala chosweka, misomali yamubaya paliponse, misozi ili chuchuchu m'masaya. Ululu umenewo unayamba ndi ngozi ya basi mu 1925. Wofuna kutamandidwa angadzijambule chonchi?

Cindy Sherman wa ku America ndiye amachita kudzibisa. Kuyambira 1977 mpaka 1980 ankavala mawigi n'kudzijambula pakamera ngati mayi wapakhomo kapena mtsikana wogwira ntchito mu ofesi, pofuna kuonetsa mmene mafilimu amaumbira akazi. Pazithunzi zina simungamuzindikire n'komwe.